Mawu Amene Anatchula Bambo

Mabatire amene mwana wanga wayanika padzuwa andikumbutsa wailesi ya amayi ku Meluluca. Ndiyo inalengeza kuti bambo amira m'nyanja, ine ndili kumsana.

Nditayamba sukulu, wolengezayo anasiya wailesi, nabwera kwathu kudzapempha mavoti. Kanali kamunthu kakafupi, nsapato zili mchenga wokhawokha. Pamsonkhano wake, ng'oma zikulira, amayi anandikoka dzanja mpaka kutsogolo.

"Voti sindikumanani," anatero. "Koma tchulaninso dzina la amuna anga, mwanayu amve."

Anawanong'oneza dzinalo. Wolengeza uja anavula chipewa, ng'oma zonse zii. Kenaka m'kathupi kaja munatuluka mawu akuya ngati bingu. Analitchula pang'onopang'ono, ndi mfunda womwe, mpaka ndinalimva likunjenjemera m'chifuwa mwanga.