Mpando woyang'ana kumbuyo m'kombi ya a Amosi

Alamu anga a Amosi sadutsa chitsulo osachitola. Anabwera kwathu kuno, kufupi ndi Nsaru, kudzakhala chikamwini atakwatira mlongo wanga Kettie, ndipo katundu amene anafika naye anali makina owotcherera ndi thumba la mabawuti. Pamsika amawotcherera ngolo, makasu ndi njinga zothyoka. Ine monga mlamu ndili ndi ufulu wowaseka, ndipo ufulu umenewu sindiumira nawo.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa tsiku limene anabwera ndi kombi. Anaipeza kuseri kwa chigafa pa esiteti ina yakale ya fodya ku Mpingu, mukugona nkhuku. Inali imodzi mwa makombi amakedzana aja, a nkhope yozungulira ndi injini kumbuyo. Inalowa m'mudzi ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, eni ake ali pa chiwongolero, atawongola khosi ngati akuchokera ku Joni. Pansi pake panali pobooka moti ukakhala mkati unkaona udzu ukudutsa.

Anthu anati akamwini azungulira mutu. Ena ankanong'ona kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ameneyu akukonza chothawira. A Amosi anangoyamba ntchito. Akaweruka kumsika ankapala dzimbiri, kudula migolo yakale n'kumata pansi paja. Mawaya onse anali atadyedwa ndi makoswe, anaika atsopano. Injini anaimasula yonse n'kuyala zitsulo pa mphasa ya Kettie, zimene zinabweretsa nkhani m'banja. Dzinja linawapeza akadali pansi pa galimotoyo, miyendo yokha ikuoneka.

Chifukwa chenicheni anandiuza ndi Kettie. Amayi athu ankatupa miyendo, ndipo ankafunika kukaonana ndi adokotala ku Namitete mwezi ndi mwezi. Tsiku lina njinga yamoto ya kabaza inawagwetsa m'matope, iwo n'kulumbira kuti sadzakweranso. Anasiya kupita kuchipatala, miyendo ikunka nitupirabe. Kombi ija inali yoti iziwatenga amayi pakhomo penipeni.

Koma amayi athu ndi anthu a mwambo wakale. Mpongozi sayang'anana m'maso ndi mkamwini wake, sadyera naye pamodzi, sakhala naye pafupi. Makomo ambiri anazisiya zimenezi, koma osati amayi. Akaona a Amosi akubwera panjira, ankapatukira m'chimanga, miyendo yotupa yomweyo. Mawu onse ankadzera kwa Kettie. Sikuti ankadana nawo ayi. Mtedza woyamba kukumbidwa unkapita kunyumba kwa a Amosi.

Tsiku limene injini inalira, mudzi wonse unasonkhana. Inatsokomola, kutulutsa utsi wothamangitsa udzudzu mpaka ku Kabudula, kenaka n'kuyamba kulira bwinobwino. Anali ataipaka utoto wobiriwira pansi, woyera pamwamba, ndipo ndivomere kuti inakongola. Amene ankanena za mlamba aja ndi amene anayamba kupempha kuti iwanyamulire matumba a mtedza ku Msundwe.

Amayi anadikira kuti akamwini awo apite kumsika, ndiye anabwera kudzaiyendera. Anakwera movutikira, kukhala pampando wakumbuyo, n'kuuyamikira kufewa. Kenaka anakweza maso n'kuona kagalasi kaja kamene woyendetsa amaonera kumbuyo. Ine ndinali nditakhala pa chiwongolero kuyerekeza udalaivala, ndipo maso athu anakumana m'menemo.

"Kodi ndiye kuti ulendo wonse tizipenyana m'kameneka ndi bambo a kunyumbaku?" anafunsa amayi. "Ayi, ine sindikwera."

Kettie anawachonderera mpaka misozi, osaphula kanthu. Kuchotsa kagalasi sikukanatheka, apolisi apamsewu sakanaumva mwambo umenewo. A Amosi atauzidwa anakhala pakhonde, manja ali m'masaya. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinasowa chowaseka.

M'mawa mwake tinamva makina owotcherera akulira. A Amosi anali atazula mpando uja n'kuutembenuza kuti uziyang'ana kumbuyo. Pakhomo lolowera anawotchererapo kasitepe kotsika ndi chogwirira, ndipo kuseri kwa mpando wa dalaivala anamangako waya n'kupachika chitenje cha Kettie. Amayi anabweranso kudzayendera, anakoka chitenje chija kuona ngati chikutseka bwino, n'kuuza Kettie kuti akawauze akamwini kuti Lachiwiri alawirire.

Kuyambira pamenepo kombi sinagonenso. Masiku ena imanyamula makina kupita nawo kumsika, Lamulungu imadzaza ndi a kwaya, ndipo mwezi uliwonse imapita ku Namitete. Amayi ankakhala chafutambuyo, mapazi atawongolera kufupi ndi injini kumene kumafunda, akugwedezera dzanja aliyense amene tamupitirira. Akafuna kuti liwiro lichepe ankauza Kettie, Kettie n'kuuza amuna ake, ngakhale onse atatu ankamvana bwinobwino. Miyendo inaphwa, anayambanso kupita okha kudimba.

Mwezi wathawu Kettie anatanganidwa ndi kusankha fodya, ndiye woperekeza ndinali ine. Pobwerera, titangosiya msewu wa tala, ndinamva chitenje chikusuntha pawaya.

"A Amosi."

Alamu anga anatsala pang'ono kugunda mbuzi. Chikwatirireni, anali asanamvepo dzina lawo likutuluka pakamwa pa amayi.

"Ndatopa nako kuona kumene tachoka," anatero amayi. "Mawa munditembenuzire mpandowu, mwana wanga. Ndikufuna ndizionako kumene mukunditengera."

A Amosi anangoti chabwino amayi, maso ali pamsewu. Ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu zawo, ndipo nditawafunsa anati ndi fumbi. Mawindo onse anali otseka, koma ndinawaleka, poti nanenso fumbi lomwelo linali litandilowa.

Kutacha a Amosi anali kale m'kombi ndi sipanala. Chitenje chinabwerera kwa mwini wake, ndipo kagalasi kaja anakapukuta mpaka kuwala.