Tsiku Limene Yohane Anadzoza Chithunzi Chake

Ndikukumbukira bwino kuti woyambitsa ndinali ine, ngakhale wopezeka ndi penti m'manja anali mng'ono wanga Yohane. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, Fomu 1, tikukhala ku Kamitondo ku Kitwe, ufulu utangobwera kumene.

Amalume anga a Fabiano ankagona kwathu pabalaza. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani za mabala ndi magolosale. Mzungu wina wa kumgodi, pobwerera kwawo, anawasiyira bokosi la timachubu ta penti wa mafuta ndi maburashi. Amalume analengeza kuti ajambula mwana mmodzi, atate apachike pakhoma.

Ndinathamanga kukavala tayi ya kusukulu. M'banja lonse, kuchokera ku Katete mpaka ku migodi, wofika sekondale ndinali ndekha.

"Petulo, khosi lako latalika, mphwanga," anatero amalume. "Pakathabwa kanga sukwanapo. Yohane, bwera kuno."

Yohane! Mwana wa zaka zisanu, wosadziwa n'komwe kumina. Loweruka lililonse ankakhala pampando atavala kasuti, akumudyetsa mabisiketi kuti asagwedezeke, ine ndikutumidwa kukagula palafini wotsukira maburashi. Nyumba yonse inkanunkha penti. Azimayi a m'laini mwathu ankasuzumira pakhomo. "Ha, ndi iyeyu ndithu! Taonani timasaya!" Lipoti langa lokhoza masamu linali pansi pa wailesi, osaŵerengedwa. Ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti chithunzicho chinali chokongoladi.

Atamaliza, amalume anachiimika pamwamba pa kabati. "Uyu si penti wa zikwangwani. Amauma patapita masabata. Wina asakhudze." Yohane sanamve, anali kalikiliki kutafuna. Ine ndinamva.

Lamlungu m'maŵa tikukonzekera Misa, amayi anamudzoza Yohane mafuta monga mwa nthaŵi zonse: dzanja limodzi kugwira mutu, linalo kutikita nkhope mpaka makutu kupindika. Kwa amayi, mwana wotuwa chinali chitonzo choposa umphaŵi. Amayi atapita kukasamba, ndinatsitsa chithunzi n'kuchiika pampando.

"Mwaiche, mng'ono wanga, taona mnzakoyu. Watuwa."

"Sanatuwe!"

"Watuwa. Palibe amamudzoza. Alendo akabwera aziti Yohane wa pakhomo pano sadzola."

Anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Ine sindinamuuze chochita, zimenezo ndilumbira mpaka lero. Ndinangosendeza botolo la mafuta pafupi.

Anachita ndendende ngati amayi. Anagwira kathabwako pamwamba, natapa mafuta ochuluka, nayamba kutikita mozungulira. "Khala phee, usalire," anali kuchiuza chithunzicho. Diso limodzi linapita kukhutu. Kamwa linatsikira pakolala. Ndinaluma tayi kuti ndisaseke.

Amayi anakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Amalume anangoima, manja ali m'chiuno. Yohane anakweza zikhatho zake za bulauni, akunyadira. "Ndamudzoza, amayi. A Petulo anati watuwa."

Atate sanafufuze zambiri. Anayang'ana kabati, anayang'ana msinkhu wa Yohane, kenako khosi langa lija, n'kumasula lamba wa kumgodi. Zikoti zinayi. Ku Misa ndinapemphera choimirira.

Chilango chenicheni chinabwera pambuyo. Amalume anayambanso pakathabwa katsopano, koma Yohane anali atatopa nazo, sankakhazikikanso pampando. Atate analamula kuti ndizimufungata pamiyendo Loweruka lililonse, anzanga ali ku mpira, mpaka chithunzi chithe. Yohane anandikodzera kamodzi.

Amalume anayesetsa kundibisa pachithunzicho, koma mwana sangakhale m'mwamba popanda chomugwira. Akuluakulu amati pamenepo ndinaphunzira kuti nsanje ilibe phindu. Ine ndikaŵerengera ndimapeza zina. Zikoti zinapola pofika Lachitatu. Chithunzicho chili kwa Yohane ku Mushili, ku Ndola, ndipo aliyense woloŵa m'nyumbamo amaona mawondo aŵiri ndi dzanja lamanzere la mwana wa sekondale. Khosi lokha ndi limene linatsala kunja kwa kathabwa.