Mtsinje Wokhota Kuseri kwa Mvera

Ndinanyamuka pa Dowa Boma m'mawa, nditamva kuti mlongo wanga Nabanda akudwala. Sitinaonane chimwalirire amayi, maliro amene ndinamusiyira yekha. Kumudzi kumene anakwatiwa ndinali ndisanapondeko, ndipo sindinkadziwa ngati akandilandire.

Pamsewu waukulu ndinakwera minibasi ya ku Salima. Kondakitala anati K5,000, nandipanikiza pakati pa thumba la mbatatesi ndi mayi wina wophunzitsa kusekondale. Pa Chezi tinagula chimanga chootcha. Titapitirira, msewu unayamba kukhotakhota, dziko likutsika ngati masitepe mpaka kuchigwa cha kunyanja. Ndinasiya kutafuna.

"Anadula mapiri chonchi ndani?" ndinafunsa.

"Nthaka inang'ambika kalekale, agogo, anthu kulibe," anatero mayiwo. "Mbali iyo inatitimira, ino inatsala pamwamba. Zivomerezi mumamvazi, ndiye kuti ikusunthabe."

Ine sukulu ndinayamba ya kwacha imvi zitamera kale. Zimenezi sanatiuze.

Ndinatsika pa Mvera dzuwa lili paliwombo. Wakabaza anandisiya pamlatho wa mitengo, nati mudziwo uli kum'mawa. Njira zitandisokoneza ndinachita mwa makolo: ukasokera tsata madzi, onse amapita kunyanja. Koma mtsinjewo unakhota ngati chigongono n'kulowera kumpoto, mowongoka ngati mzere wa fodya. Mbali imodzi kunali madimba. Mbali inayo kunali khoma la thanthwe, lalitali kuposa tchalitchi, losalala ngati lochekedwa ndi mpeni. Ndinaligwira. Linali lozizira, madzi akuchucha m'ming'alu. Apa ndiye panang'ambikapo. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndikuvulira yani.

Mayi wina wothirira kabichi anandiyang'ana nditamufunsa njira.

"Kwa Nabanda? Mwapitirira kutali, abambo. Mtsinje uno satsata, uli ndi zake. Bwererani, mukakwere mtunda pamene pali mkuyu."

Ndinafika dzuwa litapendeka. Nabanda anali pamkeka pakhonde, ataonda kwambiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwadzera kuti, achimwene, fumbi lonseli?"

"Ndinatsata mtsinje."

"Ujanso ndi wozungulira ngati inu," anatero. "Koma kunyanja umakafika."

Anasendera pang'ono, nandisiyira malo pamkeka.