Pa Lemuel ndi Nyumba Yawo ya Matabwa

Pa Lemuel Macfoy (kuno abambo achikulire timawatchula kuti Pa) sanagwirepo nyundo chibadwire, koma mukanawamva akufotokoza za nyumba yawo, mukanati mitengo yake anakadula okha. Ine ndakhala moyang'anizana nawo kuno ku Gloucester, kumapiri a kumtunda kwa Freetown, zaka makumi anayi, ndipo mkazi wawo Oredola ndi msuweni wanga.

Nyumbayo inali ya azakhali awo. Ndi yosanja, ya matabwa, yokhala pa maziko a miyala yofiira. Pa Lemuel anali kalaliki wamba kudoko, wodinda mapepala. Azakhaliwo atamwalira, anapuma ntchito, kugula tayi ndi ndodo, n'kuyamba kulandira alendo odzaona nyumba zakale: ana a sukulu, azungu, ndi abale athu a ku London amene amabwera mu Disembala kudzajambula zimene makolo awo anazithawa.

Mbiri ya nyumbayo inkanenepa chaka ndi chaka. Poyamba bwanamkubwa wa atsamunda anangomwapo madzi pakhonde. Kenako anadyapo nkhomaliro. Pofika chaka chachisanu anali atagona sabata yathunthu m'chipinda cham'mwamba, malungo atamugwira.

"Pa Lemuel," ndinawafunsa tsiku lina, "chaka chamawa bwanamkubwayo adzafera momwemo?"

"Sisi Modu, inu zanu ndi kugulitsa jinja. Mbiri asiyireni ophunzira."

Kuseri kuli munda wa maluwa, mandimu, tsabola ndi mapeyala, wosamalika ngati mwana mmodzi. Wonsewo ndi thukuta la Oredola. Amuna akewo ankayendamo ndi alendo akuloza ndi ndodo, uku akutchula mayina achilatini opeka pomwepo. Akampeza atagwada akupalira, ankati, "Awa ndi amene amatithandiza kumunda kuno." Mkazi wa ukwati wa kutchalitchi, wowabalira ana anayi.

Amene ankaimika nyumbayo anali Pa Santigie Kanu, kalipentala wa mtundu wa Atemne, yemwe anayamba kuikonza azakhali aja akadali moyo. Chaka china mvula itatha, anagogoda mitanda ya pansi pa chipinda cham'mwamba, n'kumva kuti ikulira ngati ng'oma.

"Pa, chiswe chamaliza m'katimu. Tisinthe itatu iyi."

"Matabwa awa anabwera pa sitima kuchokera kutsidya kwa nyanja," anayankha Pa Lemuel. "Chiswe cha kuno sichingawayambe. Inu akumudzi mumangodziwa udzu ndi matope."

Pa Santigie anangolongedza zida zawo n'kumapita. Eninyumbawo anagula penti wobiriwira n'kuuza Oredola apake pamene panali timabowo.

Disembala wotsatira kunabwera banja la anthu khumi ndi awiri kuchokera ku London, onse okhuta bwino. Ine ndinali pabalaza pansi, nditabweretsa jinja woti amwe akatsika. Ndinkawamva Pa Lemuel m'mwambamo akukweza mawu.

"Bedi la bwanamkubwa linali pano ndaimapa. Ndipo mverani kulimba kwa matabwawa, zaka zana ndi makumi asanu."

Anaponda ndi chidendene kawiri. Kachitatu kunagwa fumbi m'makapu mwanga, kenako miyendo iwiri inatulukira kudenga, nsapato imodzi n'kugwera patebulo. Thupi linatsakamira m'chiuno. Sokosi ya kumanzere inali yobooka, chala chachikulu chili panja.

Alendowo anatsika mothinana, mayi wina akupemphera, mwamuna wake akujambula. Ndinathamangira kumunda.

"Oredola, amuna ako apachikika kudenga."

Anadzuka, kudzipukuta m'manja, n'kufunsa kuti, "Akuyankhula?"

"Kwambiri."

"Ndiye ali bwino. Ndimalize mzerewu."

Anawazula ndi madalaivala awiri a minibasi imene inabweretsa alendowo, wina kukoka m'khwapa, wina kukankha kumapazi. Anathyoka nthiti ziwiri. Ali chigonere kuchipatala ankauza aliyense kuti kalipentala uja anawatchera mankhwala chifukwa cha nsanje.

Mitanda yatsopano anadzaika ndi Pa Santigie yemweyo, Oredola atapita yekha kukawapepesa ndi dengu la mapeyala. Anagwira ntchito masabata atatu, ndipo sanamvepo zikomo kuchokera kwa mwininyumba.

Pa Lemuel anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, koma m'mwamba sanakwerenso. Ankakhala pa mpando pakhomo, tayi ili pakhosi, alendo akungowapatsa moni n'kudutsa kupita kuseri, kumene Oredola ankawanunkhizitsa masamba a mandimu ndi kuwapatsa mbande. Atamwalira, ana awo anafuna kugwetsa nyumbayo kuti amange ya simenti. Mayi awo anakana, ndipo lero amagona okha m'chipinda cham'mwamba chija, mawindo onse ali chitsegulire.