Ulendo Wokapereka Dzina ku Easterhouse

Loweruka limenelo kunacha ndi mvula yowaza, ija ya ku Glasgow yosamveka padenga koma yolowa mpaka mkati mwa jekete. Pawindo la chipinda changa ku Springburn ndinkamva mbalame za kunyanja zikulimbirana zinyalala, ndi sitima ikudutsa pansi pa mlatho. Nditapemphera ndi kumwa tiyi, ndinapinda chitenje cha malemu mkazi wanga Esinati n'kuchiika m'chikwama. Ndinkapita ku Easterhouse, dera lina la mumzindamo, kukapereka dzina kwa mdzukulu wanga wachiwiri, wamkazi, amene anali atangobadwa kumene.

Njirayi sinali yachilendo kwa ine. Esinati atamwalira, mwana wathu Chisomo ndi mwamuna wake Gift ananditenga kuti ndizikhala nawo kumeneko. Chipinda changa chinali chogundana ndi cha mwana wawo woyamba, Tadala, ndipo m'mawa uliwonse ankagogoda khoma kuti adziwe ngati agogo adzuka. Chisomo atakhala ndi pakati pena, mashifiti a ntchito ya Gift kunyumba yosamalira okalamba anachepa. Anaganiza zopempha khadi la boma logulira mkaka, mazira, zipatso ndi masamba, limene amapereka kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono m'mabanja opeza zochepa. Tsiku lina Gift anandikhazika pansi mwaulemu.

"Bambo, akuti amawerengera zimene banja lonse limapeza. Akaphatikiza malipiro anu a kochapa zovala kuchipatala, tidutsa malire."

Sindinatsutse. Kwa ine banja ndi onse ogona pansi pa denga limodzi, ndipo sindikanalola kuti mwana asowe mkaka chifukwa cha bedi la nkhalamba. Mkulu wina wa mpingo anandipezera chipinda ku Springburn, ndipo ndinasamuka. Khoma la kumeneko palibe amene amaligogoda.

Basi yoyamba inafika mochedwa, mawindo ali nthunzi yokhayokha. Kuno ife opitirira zaka sikisite sitilipira basi, timangogunditsa khadi pakamakina. Ndicho chinthu chimodzi chimene ukalamba wandipatsa popanda kundilanda kanthu. Dalaivala ananditcha mnzake, monga amatchulira aliyense, ndipo tinatsetsereka kulowa m'tawuni.

Pakati pa tawuni ndinatsika kuti ndisinthe basi. Ndinagula banzi ya soseji ndi tiyi ndi mapaundi atatu ndi timakobidi, n'kudyera chiimirire pakhonde la sitolo. M'mutu ndinkasanthula mayina. Esinati ankandiseka kuti ine ndikamapereka dzina ndimangotsegula buku la nyimbo. Ndinali nditatsala ndi awiri, Yamikani ndi Chifundo, ndipo ndinkalakalaka akanakhalapo kuti awakane onse awiri.

Basi yachiwiri inali yopita kum'mawa kudzera mumsewu wa Duke. Cha ku Dennistoun munakwera mayi wachitsikana wa kuno konkuno, akukankha ngolo ya mwana ndi dzanja limodzi, lina atanyamula majumbo. Ndinamuthandiza kukweza gudumu. Anthu a ku Glasgow ukawathandiza kamodzi amakuuza mbiri yawo yonse. Tisanafike patali ndinali nditadziwa kuti mwana wake akumera mano, mwamuna wake ndi waulesi koma wabwino mtima, ndiponso kuti onse amakhala m'nyumba ya amayi ake. Jumbo lina linang'ambika, malalanje n'kugubuduka m'basi. Tikutola, anati:

"Awa ndi a khadi la boma lija. Akatayika, boma silindipatsanso ena."

Ndinamufunsa ngati amayi ake amagwira ntchito.

"Amagwira, kusukulu, kukhitchini."

"Nanga malipiro awo sawawerengera pa khadilo?"

Anaseka mpaka mwana anadzuka. "A mayi anga? Ayi, bambo. Amawerengera ine ndi mwamuna wanga basi. Akanati aziwerengera aliyense wa m'nyumba, bwenzi akufunsanso mphaka kuti amalandira zingati."

Anatsika patsogolo pang'ono, akundibayibitsa ndi lalanje m'manja. Ine ndinatsala ndikuyang'ana madontho akutsetsereka pagalasi. Ndinadziuza kuti mwina malamulo amasiyana nyumba ndi nyumba, mwinanso sindinamve bwino Chingelezi chake, pakuti cha kuno chimathamanga. Koma ndinali nditamva bwinobwino.

Kwathu ku Ntcheu tili ndi mayina oyankhula. Munthu akalephera kunena chakukhosi pamaso pa abale, amachiika pa mwana. Basi ikuyenda mumsewu wa Edinburgh, Yamikani ndi Chifundo anachoka m'mutu mwanga, n'kubwera ena amene sindinawaitane: Mwanditaya, Ndaziona, Mwandida. Ankakwanira bwino pakamwa. Palibe akanandiletsa, chifukwa dzina loperekedwa ndi agogo silibwezedwa. Kenaka ndinakumbukira azakhali anga, amene dzina lawo linali Mwandida lomwelo. Ananyamula mkangano wa munda umene sanauonepo, kuyambira kusukulu mpaka pamwala wa pamanda awo. Ndinagwira chikwama cha chitenje pamiyendo, osadziwa chimene ndikanene.

Ndinatsika pafupi ndi masitolo a ku Easterhouse mvula itakata pang'ono. Fulati yawo ili pamwamba m'nyumba yosanjikizana, ndipo ndinakwera masitepe pang'onopang'ono. Tadala ndi amene anatsegula chitseko. Anandikumbatira m'miyendo akulankhula Chingelezi cha ku Glasgow chimene ndinangotolapo mawu amodzi, agogo. Gift anandilandira chikwama ndi manja awiri. Chisomo anali pampando, khanda lili pachifuwa.

"Mwafika bwanji, adadi? Mwanyowa."

"Ndafika bwino. Mvula ya kuno tinazolowerana."

Tinapemphera kuthokoza Mulungu kuti mayi ndi mwana ali moyo. Tiyi atabwera, ndinaona mazira ndi mkaka patebulo. Ndinafunsa motsitsa mawu.

"Bambo a Tadala, khadi lija munalandira?"

"Tinalandira, bambo."

"Anawerengera malipiro a ndani?"

Gift anayang'ana m'kapu. Amene anayankha ndi Chisomo.

"Adadi, poyamba sitinaname. Munthu wina kutchalitchi ndi amene anatiuza kuti amawerengera onse a m'nyumba. Tinadziwa zoona mutasamuka kale. Ndinkati ndikuuzani Lamlungu likubwerali, Lamlungulo likafika manyazi n'kundigwira."

"Ine ndi amene ndinati tidikire kaye," anatero Gift. "Mwana anali panjira, ndipo chipinda chija..."

Chitseko cha chipindacho chinali chotsegula. Anali atapakamo penti yachikasu, ndipo pamene panali bedi langa panali kabedi ka khanda. Msomali umene ndinkapachikapo chithunzi cha Esinati unalipobe, wopakidwa penti pamodzi ndi khoma. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna kukwiya, koma chimene ndinkamva chinali kusowa kugogoda kuja kwa m'mawa, ndi kusowa munthu woti ndikafika kunyumba ndimufotokozere zonsezi.

Ndinatulutsa chitenje m'chikwama. Chisomo atachiona anagwira pakamwa, chifukwa ndi chitenje chomwe amayi ake ankamuberekera tili ku Ntcheu. Ndinachifunyulula, iye n'kuika mwana m'manja mwanga. Anali wopepuka ngati mtolo wa masamba, ndipo anali ndi chipumi cha agogo ake aakazi. Chisomo ndi Gift ankandiyang'ana pakamwa. Iwonso amawadziwa mayina oyankhula a kwathu.

"Mwana uyu ndi Tikhale," ndinatero.

Gift anapumira m'mwamba. "Tikhale bwanji, bambo? Tikhale pamodzi?"

"Akadzakula adzamaliza yekha."

Chisomo analira mwakachetechete, kenaka anati Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndizibwera nawo, ndizigona pabalaza mpaka Lolemba. Gift anati agula matiresi opinda. Ndinati ndamva. Za chipinda sindinafunse, ndipo iwonso sanazitchule. Tadala anabwera ndi masilipasi anga akale amene anawabisa kuseri kwa mpando, akuti ankandisungira.

Madzulo ndinakwera basi yobwerera, magetsi a mumsewu atayaka kale ngakhale nthawi inali isanathe. Chikwama chinali chopanda kanthu. Ndinali nditaphunzira kuti banja limene boma limawerengera ndi laling'ono kuposa limene ine ndinkadziwa, ndiponso kuti ana anga analipeza laling'onolo kukhala lokwanira bwino m'fulati yawo. Izi zimandipwetekabe ndikadzuka m'mawa ku Springburn. Koma tisanafike n'komwe ku Dennistoun, ndinawakhululukira.