Chifuwa chachikulu chinandipeza ndilibe wondidikirira

Chifuwa chinayamba mvula itangosiya. Ndili ndi kagolosale pafupi ndi pokwerera minibasi za ku Mzuzu, choncho ndinkangoti ndi utsi wa magalimoto. Ndinkamwa timapiritsi togula, n'kumatsegulabe golosale. Pofika nyengo yozizira ndinali nditaonda, chakudya chikundikana, ndipo kamtunda kochoka kumsika ndinkakwera mopumira. Tsiku lina m'mawa ndinaona magazi m'makhololo. Apo m'pamene ndinapita kuchipatala cha boma.

Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anatenga makhololo, anandijambula m'chifuwa, kenako dokotala anandiuza kuti ndi chifuwa chachikulu ndipo ndachedwa nacho. Anandigoneka. Namwino atandionetsa bedi anafunsa kuti, "Amayi, wokudikirirani ndi ndani?"

Panalibe. Kwathu ndi ku Mzimba, kuno ndinabwera ndi malemu amuna anga. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, wamkazi amagwira ntchito ku Lilongwe ndipo abwana ake anamukaniza kuchoka. Kale munthu ukadwala abale ankadzaza khonde la chipatala. Ine ndinali ndi foni basi. Pagulu la mpingo wathu la pafoni mauthenga anabwera ambiri, onse akuti akundipempherera. Ndinkawawerenga ndikulephera kudzuka kuti nditunge madzi akumwa.

Amene anafika ndi mapazi anali a Nyamanda, mphunzitsi wopuma pantchito, amene kutchalitchi tinkangopatsana moni. Anabwera ndi beseni, sopo ndi phala la m'fulasiki. Namwino anawapatsa chotchinga kukamwa n'kuwachenjeza kuti matendawa ndi opatsirana. Iwo anavala, nandigwira mkono kupita nane kubafa. Ndinachita manyazi kusambitsidwa ndi munthu amene si m'bale wanga. Anangoti, "Ama, thupi ndi limodzi lomweli. Kwezani mkono."

Lamulungu lotsatira anakalankhula kutchalitchi kuti amayi azisinthana kundidikirira. Ovomera anali ambiri, koma obwera anali atatu, onse achikulire. Ena ankaopa kutenga matenda, ena sakanatha kusiya malonda awo, ndipo sindiwaimba mlandu. Masiku a m'wodi ankafanana onse: mankhwala m'mawa usanadye kanthu, kudikira dokotala, kukwera sikelo, kudikiranso. Mankhwalawo ankandichititsa nseru ndi kuphwanya m'mfundo. Tsiku lina ndinawauza a Nyamanda kuti ndatopa, andisiye. Sanandilalikire. Anakhala pampando mpaka nditameza mapiritsi onse, kenako anapita kukachapa zovala zanga.

Nditatuluka m'chipatala, mankhwala anapitirira kukwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Amayi atatu aja ankasinthana kubwera kunyumba kudzaona ngati ndamwa. Golosale inakhala yotseka nthawi yaitali, makasitomala ambiri anazolowera kwina. Mwana wanga wamkazi anadzabwera pa tchuthi, ndipo atawaona a Nyamanda akusesa pakhomo panga analira kwambiri.

Pano anandiyezanso n'kundiuza kuti ndachira. Thupi labwererako, ngakhale mphamvu sizinafike pakale. Ndikayenda mothamanga ndimabanika, ndipo katundu wolemera ndimapempha ena andinyamulire. Ndimatsegula golosale mochedwa, n'kutseka msanga.

Kwa amene mukutsokomola kwa masabata angapo osasintha, pitani kuchipatala musanagone pansi. Kuyezetsa sikuwawa, ndipo matendawa amachizika. Ndikanapita msanga, mwina ndikanamwera mankhwala kunyumba ndikuyenda ndekha. Anthu otumikira odwala m'mipingo yathu alipo, koma ndi ochepa, ndi okalamba, ndipo nawonso atopa. Musadikire mpaka achite kukunyamulani.