Mdala Wosatopa wa m'Gemu ya a Gervazio

A Gervazio Chikadza ndi munthu wa manambala. Ku Zomba anakhala zaka 15 mu ofesi yowerengera anthu ndi zokolola. Kuno ku Clondalkin, kudziko la azungu, amanyamula makatoni m'weyahausi, nyumba yosungiramo sopo, atavala pamkono kamakina kowerenga makatoniwo. Za mpira wamiyendo musawafunse. Iwo chawo ndi gemu ya pakompyuta ya baseball, masewera omenya kampira ndi chibonga, amene sanawaonepo ndi maso. M'gemumo umangosankha osewera, kompyuta n'kukutulutsira manambala a mmene asewerera.

Koma chaka chino gemuyo inawapsetsa mtima. Munali wosewera wina wa zaka 44 wosatopa, wosavulala, womenya kuposa anyamata.

"Ili ndi bodza, mayi a Joy," ankauza akazi awo, a Bernadette, Lamlungu lililonse akabwerako ku Misa. "Munthu wa 44 ali ndi maondo. Anakonza izi sanakalambepo."

Analembera eni gemuyo makalata atatu aulemu, manambala atawandandalika bwinobwino. Yankho, zii.

Kuntchito ndiye kunali kwina. Kamakina kaja kankafuna makatoni 120 pa ola, ndipo a Gervazio, pa zaka 56, ankaopa kuchotsedwa. Bwana akawafunsa ngati zikuyenda, ankayankha kuti zonse zili bwino. Si mmene tinaleredwera? Wamkulu sumudandaulira pamaso. Choncho anapeza njira yawo. Nthawi yopuma ikakwana ankazimitsa kamakinako ngati anzawo, koma m'malo mokhala pansi ankakasanjiratu makatoni mwakachetechete, kuti akakayatsa azingotola. Buledi wawo ankadyera m'basi pobwerera, maondo akuwaphwanya. Nambala yawo inakwera mpaka 140.

Lachisanu lina bwana anamata chikalata pakhoma: kuyambira mwezi wamawa, aliyense 140. Anawagwira paphewa a Gervazio n'kuuza gulu lonse kuti ngati mkulu uyu akutha, palibe wina wokhala ndi chonamizira. A Ronald, mnzawo wa ku Chipata amene ankavutika ndi msana, anauzidwa tsiku lomwelo kuti akalephera 140, ntchito yatha.

Kunyumba a Gervazio anaulula zonse, manyazi atawagwira. A Bernadette anamvetsera uku akupinda zovala.

"Ndiye mdala wa m'gemu uja ndi inuyo, bambo a Joy," anatero. "Azungu osakudziwani mwawalembera katatu. Bwana wanu mumaonana naye tsiku lililonse."

Loweruka lonse gemu sanaiyatse. Analemba kalata yachinayi, iyi yopita kwa bwana, ngakhale ankadziwa kuti ingawachotsetse ntchito. Anafotokoza chinyengo chawo, nawerengera bwino mphindi zimene kamakina sikankaziona: nambala yawo yeniyeni inali 118. Lolemba anaipereka okha m'manja mwa bwana, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso.

Lachitatu chikalata cha 140 chinachoka pakhoma. A Gervazio analandira chenjezo lolembedwa chifukwa chogwira ntchito nthawi yopuma, loyamba m'moyo wawo wonse, ndipo linawapweteka kwambiri.

Masana amenewo anakhala pabenchi ya kukantini, natambasula miyendo. A Ronald, amene anali atamva zonse, anadzakhala pambali pawo. Anangowasunthira kapu ya tiyi. A Gervazio ananyema buledi wawo pakati, anadya pang'onopang'ono, mpaka mphindi 30 zonse zopuma zinatha.